Kathalakitala kofiira ka ku Namwera kaguleni, koma injini yake musaichotse

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kugula kathalakitala kofiira kamene mwakapeza kuseri kwa shedi ya fodya ku Namwera, poti injini yake inauma sikutembenuka, komanso ngati mungaichotse n'kuikapo injini ya chigayo. Zithunzi zanu ndaziyang'ana kangapo usiku wathawu. Ine ndikuti kaguleni anyamata ogula zitsulo asanakaone. Za injini ya chigayozo ziiwaleni, ndipo amene akukuuzani kuti mukakoke ndi lole kuti kalire musawamvere.

Mutu wa kavalo umene ukuoneka kutsogoloko ndi chizindikiro cha Wheel Horse. Timathalakitala timeneti tinayamba kupangidwa mu 1946 ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo kampani ya Toro inadzagula fakitaleyo mu 1986. Pa chithunzi chachitatu, kachitsulo kamene kali pambali pa injini kalembedwa K301. Imeneyo ndi Kohler ya silinda imodzi, ya mahosipawa 12, ndipo thupi lake ndi chitsulo cholemera chonga cha nsimbi ya makala. Injini zamtundu umenewu anazipanga kuti zizikonzedwa. Silinda ikadyeka amaiboola pang'ono n'kuikamo pisitoni yokulirapo, ndipo pisitoni zokulirapozo zilipo za masaizi atatu. Injini ya jenereta ya masiku ano ikatha mumataya, koma iyi ikatha mumaibwezera moyo.

Ine ndili nako kofanana nako. Ndinakapeza pa nyumba ina ya m'mphepete mwa nyanja chakufupi ndi Nkope, pamene kankatchetcha kapinga, kenaka kanangosiyidwa pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zambiri. Ntchito yanga ndi yokonza injini za maboti, ndiye kameneka ndinkakagwira madzulo ndi Lamlungu basi. Kananditengera pafupifupi chaka kuti kayende, ndipo mwezi wathunthu pa chakacho ndinautaya chifukwa cha phuma langa. Injini itakana kutembenuka ndinalowetsa chitsulo chachitali pakati pa zipsepse za flywheel, gudumu lolemera limene limazungulira ndi injini, n'kukanikiza ndi thupi lonse. Zipsepse ziwiri zinathyoka. Flywheel yothyoka mbali imodzi imanjenjemeretsa injini mpaka kudya mabering'i, komanso zipsepsezo ndi zimene zimapemerera mphepo yoziziritsa silinda. Zimandiwawabe ndikakumbukira, chifukwa chinthu chimene chinapirira zaka zonsezo pa mvula ndinachiwononga ine m'mphindi imodzi.

Ndiye poyamba chotsani lamba amene amachokera ku injini kupita ku giyabokosi. Nthawi zina chimene chauma si injini, ndi pule kapena giyabokosiyo. Lamba akachoka koma injini ikukanabe, masulani pulagi, thirani dizilo pa bowolo mpaka adzaze, tsekani ndi kansalu, muisiye sabata imodzi kapena ziwiri. Tsiku lililonse muziigwedeza ndi manja okha, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Ikakanabe, masulani mutu wa silinda. Pa injini imeneyi mutu ndi chivundikiro chabe, mavalavu ali pambali pa silinda, choncho palibe chovuta. Mukatsegula mudzaona nokha ngati maringi agwirana ndi dzimbiri kapena ngati valavu yotulutsa utsi ndi imene yakakamira. Kawirikawiri imakhala valavuyo, chifukwa mvula imalowera ku paipi ya utsi n'kukaima pomwepo. Ngati ndi pisitoni, ikani chipika cha mtengo wolimba pamwamba pake n'kumamenya chipikacho mofatsa. Hamala isakhudze pisitoni.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasocheretsa amakaniko ambiri. Injini ikamasuka, munthu amaitembenuza n'kumva kuti ndi yopepuka, ndiye amati maringi atha, igwetseni yonse. Ma Kohler ambiri amtunduwu ali ndi kachitsulo pa camshaft (shafiti yokankha mavalavu) kamene kamatsegula pang'ono valavu ya utsi injini ikamatembenuka pang'onopang'ono, kuti isavute kuliza. Ikangolira kachitsuloko kamadzichotsa kokha. Choncho kupepukako pakokha si umboni woti injini yatha. Yang'anani khoma la silinda. Ngati lilibe mikwingwirima yozama yoti chikhadabo n'kukodwamo, ndipo dzimbiri silinakumbe maenje, kupukuta bwino ndi maringi atsopano zikwana. Ngati maenje alipo, ntchito yoboola ndi ya kwa amakina ku Blantyre, musayese ndi sandipepa pakhonde.

Musanagwire sipanala, dziwani kuti mabawuti onse pa kathalakitalaka ndi a mainchi. Sipanala ya 13 imaoneka ngati ikulowa pa bawuti ya theka la inchi, koma imasewera, ndipo pa bawuti ya dzimbiri imangodya makona. Pezani 7/16, 1/2 ndi 9/16, zitatu zimenezi zimamasula pafupifupi chilichonse. Bawuti iliyonse imene mwachotsa muziika m'kachitini kake, chifukwa ikatayika simudzaipeza m'mashopu a pa Boma, ndipo mukakakamiza ya mamilimita mupha mazinga.

Kunena zoona, chimene ndikanayamba kuyang'ana ine ndisanapereke ndalama ndi giyabokosi, osati injini. Injini ina mutha kuipeza, koma giyabokosi ya Wheel Horse kuno kwathu simudzaiona. Pansi pa ndodo ya magiya pamakhala kampira kotchinga madzi. Kampirako kakang'ambika, mvula ya zaka zonse zija imatsikira m'kati. Masulani bawuti yotulutsira oilo pansi, muone chimene chituluke. Oilo wakuda ndi nkhani yabwino. Wotuwa ngati phala ndiye kuti madzi analowa, komabe mutha kutsuka ndi dizilo kawiri kapena katatu n'kuthira oilo wa magiya wa 90. Koma pakatuluka madzi ofiira ndi tizidutswa ta chitsulo, mtengo utsike kwambiri. Kwezani kumbuyo pa zipika, lowetsani giya iliyonse, muzungulitse pule ndi dzanja. Apa ndi pamene kukoka ndi lole kumaphera zinthu, chifukwa mano a giya amene agwira dzimbiri amathyoka akakankhidwa mwadzidzidzi.

Tsopano za injini ya chigayo. Ndikumvetsa chifukwa chake mwaiganizira: dizilo amakhalitsa, zipangizo zake zili paliponse, ndipo mnyamata aliyense wa pachigayo amaidziwa. Koma injini ya chigayo ngati S195 ija imalemera pafupifupi katatu kuposa Kohler, ndipo imagunda mwamphamvu moti pachigayo amaimangirira pa simenti kapena pa mitengo ikuluikulu. Mukaikweza pa kafelemu aka, ekiselo ya kutsogolo ndi chiwongolero sizipirira. Kuwonjezera apo imazungulira maulendo 2,000 pa mphindi pamene Kohler amafika 3,600, ndiye mapule onse muyenera kuwasintha, boneti silitsekanso, ndipo chimene mutsale nacho sichikhalanso Wheel Horse. Ngati Kohler wafadi, mwina thupi lake linang'ambika, injini yoyenera ndi Honda GX390 kapena zofanana nayo zochokera ku China zimene zimakhala pa mapampu a madzi. Mukafunitsitsa dizilo, pali injini ya 186F yoziziritsidwa ndi mphepo, imene imafika 3,600. Chenjerani ndi injini yochotsa pa jenereta: shafiti yake ndi yosongoka ngati chinangwa, pule siigwira. Mufune ya shafiti yowongoka yokhala ndi mpata wa kiyi, ndipo muyeze kukula kwake, chifukwa sikufanana ndi kwa Kohler. Ngakhale mutasintha, injini yakaleyo isungeni m'nyumba, ndipo pomangirira yatsopano gwiritsani mbale ya chitsulo ya mabawuti. Owotcherera athu amakonda kudula n'kuwotcherera pomwepo, koma chodulidwa sichibwerera.

Moto wa Kohler ndi wosavuta. Pali koilo, condenser ndi ma points. Ma points ndi tizitsulo tiwiri timene timakhudzana ndi kulekana kuti pulagi itulutse moto, ndipo ali m'kabokosi pambali pa injini. Apukuteni ndi sandipepa wosalala, mpata wake ukhale theka la milimita akatseguka. Koilo ikhale ya 12 volts yamtundu umene sufuna resistor yapadera, apo ayi ma points azipsa msanga. Mawaya onse asintheni, musawadalire, makoswe a m'shedi ya fodya amakhala atawalawa kale.

Makoswe omwewo ndiwo andikumbutsa chinthu chimene ambiri amachidumpha. Chotsani malata onse ophimba injini, mutsuke zipsepse za silinda. Mudzapezamo zisa za makoswe, dothi la mavu ndi udzu. Injiniyi ilibe madzi, imadalira mphepo yokha, ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa. Ku Namwera kumtunda kumazizirirako, koma mukakatsitsira kuno kunyanja injini yotsekeka zipsepse siitha ola limodzi isanapse. Malatawo muwabwezeretse onse, ndi amene amalondolera mphepo. Injiniyi ilibenso pampu ya oilo kapena sefa ya oilo. Pali kasupuni pansi pa con rod (mkono wa pisitoni) kamene kamamwaza oilo injini ikamazungulira. N'chifukwa chake oilo akachepa pang'ono, kapena mukaiyendetsa nthawi yaitali chopendekeka, con rod imauma n'kuthyoka. Thirani oilo wa SAE 30, yang'anani mlingo nthawi iliyonse musanalize, ndipo muzisintha pafupipafupi, makamaka miyezi ya fumbi mwera ukamaomba.

Petulo wathu ali ndi nkhani yakeyake. Kuno ku Malawi takhala tikusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amafewetsa mapaipi a mphira akale. Sinthani paipi yonse ya mafuta, ikani kasefa ka njinga yamoto pakati, ndipo mukadziwa kuti kathalakitala kakhala masabata osayenda, tsekani mpopi wa mafuta muisiye injini ilire mpaka izime yokha. Kabuleta itsukeni ndi petulo ndi mpweya. Musalowetse waya m'timabowo take, mukatikuza injini izingomwa mafuta ndi kufuka utsi wakuda. Thanki ikakhala ya chitsulo, ikanimo miyala ing'onoing'ono ndi parafini, muikhutchumule mpaka dzimbiri lithe.

Governor, chida chimene chimaletsa injini kupitirira liwiro lake, musamuchotse, ngakhale wina akuuzeni kuti kazithamanga. Flywheel ya chitsulo chotere ikapitirira liwiro lake imatha kusweka, ndipo miyendo yanu imakhala pafupi pomwepo.

Matayala asakudetseni nkhawa. Marimu akumbuyo ndi a mainchi 12, akutsogolo a mainchi 8. Akale aja ngati sanang'ambike m'mbali, ikanimo machubu muyendere. Akumbuyo akatha, a 6.00-12 a mathalakitala oyenda munthu ali pambuyo aja amalowa, ndipo mano awo amagwira bwino m'dimba kuposa a kapinga.

Penti ikhale yomalizira. Ndaona anthu akuyamba ndi kupopera utoto wofiira chinthu chisanalire n'komwe, kenaka n'kumachikanda ndi masipanala. Kayendetseni kaye miyezi iwiri kali ndi dzimbiri lake, muone pamene pakudontha oilo, mukonze, ndiye muzipenta. Kuno kunyanja chinyezi sichichedwa kubwerera, choncho palani mpaka chitsulo chiwale, pakani red oxide, utoto wotchinga dzimbiri, tsiku lomwelo. Tizitsulo tolembedwa manambala tija tiphimbeni ndi tepi. Manambalawo ndi amene mudzatchule poitanitsa maringi, ma gasket (zotchinga polumikizira zitsulo kuti pasadonthe) ndi zida za kabuleta kudzera kwa achibale a ku Joni kapena pa intaneti, poti zipangizo za K301 zikupangidwabe. Gasket za pepala mutha kudula nokha, koma ya pamutu wa silinda iguleni.

Ndikuuzeninso chilungamo pa zimene kangakuchitireni, kuti musadzakhumudwe. Aka si thalakitala yaikulu ngati Massey Ferguson 135. Munda wouma wa chimanga sikangauswe, ndipo mukakakamiza mudula lamba kapena ekiselo. Kanga kamakoka ngolo ya manyowa kupita ku dimba la m'mbali mwa Shire, migolo iwiri ya madzi, njerwa pang'ono, ndiponso kamasalaza dothi lofewa. Ngolo muzikoleka pa chokokera chake chapansi basi, chifukwa mukamanga chingwe pamwamba kamadzuka kutsogolo n'kukugwerani. Buleki yake ndi kalamba kamodzi kogwira pa giyabokosi, ndiye musadzayese kutsika nako phiri la Chowe. Pochokera ku Namwera kakwere pikapu, kamangidwe zingwe.

Phindu la ndalama lilipo lochepa, ndisakunamizeni. Chimene ine ndinapezapo ndi tsiku limene kanalira koyamba, utsi wa dizilo wothira m'silinda uja n'kudzaza bwalo lonse, ana a m'mudzi n'kuthamangira kudzaona, ndipo mwana wanga wamkazi amene ankandigwirira tochi miyezi yonseyo ndiye anakhala woyamba kukwerapo. Lero amatha kuika mpata wa ma points yekha.

Mukapita Loweruka, tengani sipanala ya 9/16, botolo la dizilo ndi kabeseni. Funsaninso alonda a pa esitetipo ngati chotchetchera udzu chake kapena zitsulo zina zofiira zili penapake m'shedimo, chifukwa zoterezi zimasiyidwa padera ndipo mwini wake amatha kungokupatsani. Mujambule oilo wa m'giyabokosi ali m'kabeseni, ndi kachitsulo ka manambala ka pa thupi la kathalakitalako, mutumize pagulu pano tione chaka chake ndi magiya amene kali nawo.