Zinjoka ndi zilombo pa tchalitchi cha ku Kilpeck zikufunapo chiyani?

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Hereford ku England wanditumizira imelo. Akuti tsiku lina lopuma anapita kukaona tchalitchi chakale cha m'mudzi wa Kilpeck, ndipo anabwerako mtima uli m'mwamba, chifukwa pamakoma pake anaonapo zinjoka, nkhope zoopsa ndi chosema cha mkazi wosavala. Funso lawo ndi lakuti, kodi amene anamanga nyumbayi analidi Akhristu, kapena ankabisa chipembedzo cha makolo awo m'nyumba ya Mulungu?

Mayi, analidi Akhristu, ndipo dera limenelo linali litamva kale uthenga wabwino kwa zaka mazana angapo tchalitchichi chisanamangidwe. Kilpeck ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 14 kumwera chakumadzulo kwa Hereford, kufupi ndi malire a Wales, m'dera limene kale linkatchedwa Ergyng ndipo anthu ake ankayankhula Chiwelshi. N'chifukwa chake tchalitchichi chimadziwika ndi dzina la Mariya Woyera pamodzi ndi la David Woyera, dzina lodziwika kwambiri pakati pa oyera mtima a ku Wales. Anormani, anthu ochokera kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066 anamanga malinga m'malire monsemo, ndipo chulu chachikulu chimene munachiona kumadzulo kwa tchalitchi ndicho chotsalira cha linga la banja limene linkayang'anira nkhalango za mfumu. Hugh de Kilpeck, wa m'banja limenelo, ndiye anamangitsa tchalitchichi cha m'ma 1140, ndipo mu 1143 chinaperekedwa m'manja mwa amonke a ku Gloucester. Kuti tione kutalika kwa nthawiyo, tikumbukire kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels cha ku Blantyre, chimene ife timachiyesa chakale kwambiri, chinatha kumangidwa mu 1891.

Kamangidwe kake ndi kosavuta kukamvetsa. Pali zipinda zitatu zotsatizana kuchokera kumadzulo kupita kummawa: chachikulu cha anthu wamba, chapakati cha wansembe, ndi chomaliza chozungulira ngati theka la nkhokwe, mmene muli guwa. Makoma ndi ochindikala, a miyala yofiirira ya m'deralo, mazenera ndi ang'onoang'ono, ndipo pamwamba pa khomo lililonse ndi popindika ngati uta. Amenewa ndiwo mamangidwe amene akatswiri amawatcha Romanesque.

Pakhomo la kumwera ndi pamene munthu ayenera kuimapo nthawi yaitali. Pamwamba pa chitseko pali mtengo wobala zipatso umene ambiri amautcha mtengo wa moyo, ndipo pa uta wozungulira mtengowo pali mngelo pakati pa mbalame, nsomba ndi zilombo. M'mbali mwa khomo njoka zapiringizana, kumanzere ankhondo awiri ovala zipewa zosongoka akodwa m'ziyangoyango, ndipo kumanja kuli nkhope imene m'kamwa mwake mukutuluka masamba. M'munsi mwa denga, kuzungulira nyumba yonse, muli timiyala 85 totulukira kunja, ndipo pafupifupi kalikonse kali ndi chosema chakechake: galu atagundana mutu ndi kalulu, nkhosa yamphongo, munthu akuimba chida chonga kaligo, anthu awiri atakumbatirana, komanso Mwanawankhosa wa Mulungu atanyamula mtanda. Mkazi amene anakudodometsani ali pakati pa zimenezi. Zosema zamtundu wake zimatchedwa sheela na gig, zimapezeka pamatchalitchi ambiri a ku Ireland ndi ku Britain, ndipo akatswiri ambiri amati zinali chenjezo pa tchimo la chilakolako, pomwe ena amati ankaziika kuti ziingitse zoipa.

Chimene ine ndimachiona kukhala chofunika ndi malo amene chosema chilichonse chinaikidwa. Kunja kuli dziko lonse monga mmene munthu wa m'mudzi ankalidziwira, ndi nyama zake, nyimbo zake, mantha ake ndi machimo ake. Mukalowa mkati phokoso lonselo limatha, ndipo pa nsanamira za khomo lolowera kwa wansembe mumapeza anthu oyera mtima asanu ndi mmodzi, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, ataima mwakachetechete wina pamwamba pa mnzake. Alimi a nthawiyo sankadziwa kuwerenga ndipo Misa inkachitika m'Chilatini, choncho ulendo wochoka pabwalo kukafika kuguwa unali chiphunzitso pawokha. Komabe kukhumudwa kwanu si kwachilendo, pakuti cha m'ma 1125 Bernard wa ku Clairvaux, mmonke wotchuka wa ku France, anadzudzula zilombo zosemedwa m'nyumba za amonke, ponena kuti zinkawononga ndalama ndi kusokoneza malingaliro a opemphera.

Amisiri amene anasema miyalayi amadziwika lero ndi dzina lakuti Herefordshire School, ndipo luso lawo linasakaniza zokongoletsa za Angelezi akale, za Avaikingi a kumpoto kwa Ulaya, zimene zimaonekera pa mitu ya zinjoka yotulukira kukhoma la kumadzulo, ndi za kumadzulo kwa France. Za ku France zinabwera ndi anthu ngati Oliver de Merlimond, amene anapita pa ulendo wachipembedzo ku Santiago de Compostela ku Spain kudzera ku France, amenenso anamangitsa tchalitchi cha ku Shobdon m'chigawo chomwecho.

Mbiri ya matchalitchi awiriwa imandikhudza mtima. Mudzi wa Kilpeck unazilala pambuyo pa mliri waukulu wa 1349, linga linasanduka bwinja, ndipo sipanapezekenso mwinichuma woti agwetse tchalitchi n'kumanga china chamakono, motero umphawi unachisunga. Ku Shobdon kunali eni malo olemera, amene m'zaka za m'ma 1750 anagwetsa tchalitchi chakale n'kukaimika makomo ake osemedwa pamtunda kuti azikongoletsa munda wawo, ndipo mvula ndi chisanu zafufuta zosemazo mpaka nkhope zambiri sizizindikirikanso. Mukapezanso tsiku lopuma, Mayi, pitani kukaona makomo a ku Shobdon, kenaka mubwerere ku Kilpeck masana dzuwa likuwala pakhomo la kumwera, ndipo ulendo uno mulowe mkati mpaka kuguwa.