TIFUNSENI: Palm Beach, kuja kumapumira makhumutcha, kunayamba bwanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndikamaonera nyuzi za ku America ndimangomva kuti a Trump ali ku Palm Beach, mabwana ena nawo ali ku Palm Beach. Ndiye tinatsutsana ndi mlamu wanga, iye akuti kumeneko kunali tchire ndipo munthu mmodzi yekha ndi amene anakusandutsa malo a anthu andalama. Ine ndikuti zimenezo ndi za boma, munthu payekha sangathe. Tiweruzeni. Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Achimwene, alamu anuwo akuposani, koma musawapatse mapointi onse chifukwa boma linaikapo dzanja ndithu. Munthuyo dzina lake ndi Henry Flagler, anabadwa mu 1830, ndipo ndalama zake zinachokera ku mafuta. Iyeyu ndi John D. Rockefeller ndi amene anali mitu ya Standard Oil, kampani yomwe inakhazikitsidwa mu 1870 nkumeza pafupifupi bizinesi yonse yoyenga mafuta ku America. Asanafike pamenepo anagwapo pa bizinesi ya mchere ku Saginaw mpaka kutsala ndi ngongole, ndiye sikuti anali munthu wongolemera mwangozi ayi, kuluza ankakudziwa.

Ku Florida, chigawo cha America komwe kuli Palm Beach, anapitako koyamba chifukwa cha matenda a mkazi wake woyamba, Mary Harkness, adokotala atanena kuti kuzizira kwa ku New York kumuvulaza. Mayiyo anamwalirabe mu 1881. Koma bamboyo anali ataona kale chinthu, kuti dzuwa lilipo, nyanja ilipo, anthu andalama ofuna kuthawa chisanu aliponso ambirimbiri, chosowa ndi pogona pabwino ndi njira yofikirako basi. Anayamba ndi tauni yakale ya St. Augustine komwe anamanga hotela ya Ponce de León, inatsegulidwa mu 1888, ya magetsi nthawi yomwe nyumba zambiri zinkayatsabe nyali. Kenako anayamba kugula tinjanji ta m'deralo nkumalumikiza kulowera kummwera.

Palm Beach panthawiyo kanali kachilumba kakatali koma kowonda, nyanja yamchere ya Atlantic mbali iyi, nyanja yaing'ono ya Lake Worth mbali inayo, mabanja ochepa chabe olima ndi kuwedza, udzudzu osanena. Mitengo ya kokonati yomwe inamukopa Flagler nayo inabwera mwangozi, sitima ina yotchedwa Providencia inachita ngozi pagombe pomwepo mu 1878 itanyamula kokonati, anthu anatola nkudzala. Mu 1893 iye anagula malo, nkuyamba kumanga Royal Poinciana, hotela ya matabwa yomwe inatsegulidwa mu February 1894 ndipo ataikuza inadutsa zipinda 1,000. Mu 1896 anaonjezera ina kumbali ya nyanja yamchere, Palm Beach Inn, yomwe pambuyo pake anaitcha The Breakers.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse, chifukwa ambiri akamakamba nkhaniyi amangoima pa mahotela. Hotela payokha ikanangokhala chinyumba chachikulu m'tchire. Chomwe chinagwira ntchito ndi choti njanji inali yake, hotela yake, malo ozungulira ake, ndiye mlendo akakwera sitima kumpoto ndalama iliyonse yomwe akutulutsa ikulowa thumba limodzi. Atamanga mlatho pa Lake Worth, mabogi a mabwana, ajatu ena anali ndi bogi yawoyawo yokhala ndi chipinda chogona ndi kitchini, ankafika pafupi ndi khomo la hotela. Panali kanjanji kena kakang'ono ka pakati pa timatauni ta Jupiter ndi Juno komwe kananyamula katundu womangira hotelayo pamtengo wokwera, iye atafika ndi njanji yake anangokalambalala, posakhalitsa kanafa. Mwamuna ameneyu sankaseka ndi opikisana naye, anaphunzira ku Standard Oil.

Ndipo boma lija mumanenali nali: Florida inkapereka malo aulere kwa omanga njanji, maekala masauzande pa mailosi iliyonse, moti kampani ya Flagler inapeza maekala okwana mamiliyoni awiri kapena kuposerapo, nkumagulitsa kwa alimi ndi omanga nyumba kudzera ku Model Land Company. Njanji ikafika malo amakwera mtengo, malowo ndi akenso. Ndiye mukawauze alamu kuti wina sanamenye mnzake kwenikweni, kungoti iwo ali patsogolo pang'ono.

FUNSO: Zikomo chifukwa cha tsamba lino. Ine ndagwirapo ntchito yoyala mabedi pa loji ina kunyanja, ndiye ndikamva za malo apamwamba chonchi mtima wanga umapita kwa antchito. Amene anamanga ndi kutumikira ku Palm Beach anali ndani, ndipo anapindulapo? Mayi wa ku Salima.

YANKHO: Mayi, funso lanuli ndi lomwe m'mabuku okopa alendo amalidumpha. Ambiri mwa omwe anadula tchire, kunyamula matabwa ndi kuyala njanji anali anthu akuda, ena ochokera madera akummwera kwa America, ena ku zilumba za Bahamas. Ankakhala pachilumba pomwepo pamalo otchedwa Styx, tinyumba tamatabwa tothithikana, popanda mipope yeniyeni ya madzi kapena zimbudzi zabwino, mtunda wongoyenda pansi kuchokera pomwe mabwana akuvina. Hotela zitatha kumangidwa anthu omwewa anasanduka ochapa, ophika, onyamula masutikesi ndi osamalira maluwa.

Ntchito ina yomwe imaoneka kwambiri pa zithunzi zakale ndi yopalasa alendo. Tangoganizani kabaza, koma wokwera sali kumbuyo, wakhala kutsogolo pampando wolukidwa ngati wa pakhonde, dona wavala chipewa chachikulu ndi ambulera m'manja, kumbuyo kwake mwamuna wakuda akupalasa dzuwa lili pamutu kumuzungulitsa m'minda ya hotela. Madzulo ena antchito omwewo ankawavinitsa gule wa cakewalk kuti alendo aseke, opambana nkulandira keke. Kugona m'hotelamo ngati mlendo kunali kosatheka kwa iwo, inali nthawi ya malamulo atsankho.

Flagler anakonzeratu zoti antchito ndi zonse zosakongola zikhale kutsidya kwa Lake Worth, nchifukwa chake anayala tauni ya West Palm Beach yomwe inakhazikitsidwa mu 1894, kumeneko ndiye kunali masitolo, misika ndi nyumba za anthu wamba. Anthu a ku Styx anachotsedwa cha m'ma 1912 eni malo atafuna kugulitsa mapuloti, ambiri nkusamukira kutsidyako. Pali nkhani yomwe imakambidwa kwambiri yoti Flagler anawaitanira kuchisangalalo kutsidya kenako nkuotcha nyumba zawo, koma akatswiri ambiri a mbiri amati umboni wake palibe, ndipo malowo sanali ake. Ine ndimaona kuti nkhani yeniyeniyo njowawa kale payokha, sikufunika kuithira tsabola. Zomwe zinalembedwa ndi zoti pantchito zina za njanji yake ankagwiritsa ntchito akaidi obwereka kuboma, ambiri akuda, komanso anthu otengedwa ku New York omwe ankafika ali kale ndi ngongole ya thiransipoti ndi chakudya moti kusiya ntchito kunali kovuta.

Kupindula? Malipiro analipo, nchifukwa chake anthu ankabwera kuchokera kutali, koma sizoni inali yaifupi, miyezi yozizira yokha, ikafika kumapeto kwa February pankakhala dansi yaikulu ya tsiku lokumbukira kubadwa kwa George Washington, pulezidenti woyamba wa America, kenako alendo ayamba kulongedza, hotela nkutseka mpaka chaka chamawa. Inu mwagwirapo kunyanja, mukudziwa mmene thumba limakhalira alendo akasowa. Phindu lalikulu linali pa malo, ndipo malowo antchito analibe.

FUNSO: Kodi zomwe anamangazo zilipobe kapena zinagwa? Nanga ndi zoona kuti anasintha lamulo kuti asiye mkazi? Wophunzira wa ku Mzuzu.

YANKHO: Tiyambe ndi miseche poti ndi yomwe mukuifuna. Mkazi wake wachiwiri, Ida Alice, anadwala misala nkusungidwa kuchipatala. Mu 1901 nyumba ya malamulo ya Florida inapanga lamulo loti misala yosachizika ndi chifukwa chokwanira chothetsera banja, Flagler anathetsa banja chaka chomwecho nkukwatira Mary Lily Kenan, iye ali ndi zaka 71 mkaziyo 34. Lamulolo linafafanizidwa mu 1905. Manyuzipepala ena nthawiyo ananena poyera kuti aphungu anagulidwa, inu onani nokha madetiwo. Mphatso ya mkwatibwi inali Whitehall, nyumba ya zipinda 75 yomwe inatha mu 1902, ndipo ndi m'nyumba momwemo momwe anagwa pamasitepe mu 1913 ali ndi zaka 83, osadzukanso bwino mpaka kumwalira chaka chomwecho. Lero ndi Flagler Museum, ngakhale bogi yake ya sitima ili pomwepo.

Royal Poinciana kulibe, mphepo yamkuntho ya 1928 inaiononga, chuma cha dziko chinagwa, nkuigwetsa m'ma 1930. The Breakers inapsa mu 1903, anaimanganso, inapsanso mu 1925, apa ndi pomwe anasiya matabwa nkumanga yolimba yomwe inatsegulidwa mu 1926 ndipo ikugwirabe ntchito m'manja mwa akubanja la Kenan. Ponce de León ya ku St. Augustine ija pano ndi koleji, Flagler College. Mar-a-Lago yomwe mumaimva pa nyuzi si ya Flagler ayi, anamanga ndi Marjorie Merriweather Post m'ma 1920, a Trump anagula mu 1985.

Njanjiyo sinathere pa Palm Beach. Chisanu choopsa cha 1894 ndi 1895 chitapha malalanje kumpoto kwa Florida, iye anapitiriza kummwera nkufika Miami mu 1896, kenako nkudutsa pamwamba pa nyanja kulumpha tizilumba mpaka Key West mu 1912. Gawo lapanyanjalo linakokoloka ndi namondwe wa 1935, boma linagula nkuyala msewu wa galimoto pamilatho yomweyo.