Mwana wakauza aphunzitsi kuti munamukwapula

Kalata yanu yandikhudza, mayi. Mwalemba kuti mumagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, mnyamata wanu wa zaka 9 wauza aphunzitsi kuti munamukwapula ndi lamba, ndipo social worker, wogwira ntchito ku khonsolo woona za chitetezo cha ana, akubwera kunyumba. Mukufunsa ngati akulandeni mwana.

Ndiyambe ndi zimene zimandipsetsa mtima. M'magulu athu a WhatsApp mumayenda nkhani ziwiri. Ena amati kuno mwana sakhudzidwa, ukangomugunda apolisi ali pakhomo. Ena amati mbama imodzi ilibe mlandu. Onsewa amasokeretsa anthu, chifukwa lamulo limasiyana malinga ndi komwe muli. Ku Scotland kumenya mwana mwanjira ina iliyonse kunaletsedwa mu 2020, ku Wales mu 2022. Ku England gawo 58 la Children Act ya 2004 limalolabe kholo kudziteteza kukhoti kuti chilangocho chinali choyenera, koma chitetezocho chimathera pomwe khungu latupa, lachekeka kapena lasiya mkwingwirima. Ndiye taganizani lamba, mthiko, patapata, waya wa chaja. Zonsezi zimasiya mzere, ndipo mzerewo umaoneka tsiku la masewera mwana akuvula yunifolomu.

Aphunzitsiwo musawade. Sanachite kukusakani. Sukulu iliyonse ili ndi munthu amene amayang'anira chitetezo cha ana, ndipo mphunzitsi akamva mwana akunena za kumenyedwa ayenera kukapereka nkhaniyo kwa iyeyo. Akaibisa, ntchito yake ili pachiswe.

Pano ndilankhula molimba. Timakonda kunena kuti ifenso anatikwapula ndipo tinakula bwino, m'mera mpoyamba. Koma kwathu chikwapu sichinkayenda chokha. Mwana akalira ankathawira kwa agogo, azakhali ankamukhazika pansi madzulo kumuuza chimene walakwa, amalume ankatha kudzudzula bambo akapitirira muyeso. Kuno mwabwera ndi chikwapu chokha, mudziwo munausiya. Mayi wachoka ku shifiti ya maola 12, mapazi atatupa, wapeza mbale zosatsuka ndi mwana ali pa foni. Lamba wa nthawi imeneyo si mwambo ayi, ndi kutopa. Musakauze social worker kuti ndi chikhalidwe chathu. Iye adzamva kuti mudzachitanso.

Shifiti yomweyo ili ndi msampha wina. Adzakufunsani kuti mwana amakhala ndi ndani mukapita usiku. Lamulo silitchula msinkhu wosiyira mwana yekha, koma ndi mlandu kumusiya pamalo poti angavulale, ndipo bungwe loteteza ana la NSPCC limalangiza kuti wosakwana zaka 12 asasiyidwe nthawi yaitali, wosakwana 16 asagone yekha m'nyumba. Wa zaka 9 wotsekeredwa yekha m'nyumba, phala lili mu microwave, ndi nkhani yoopsa kuposa lambayo.

Ndiye pali ija timaopsezera ana, yoti ndikutumiza kumudzi ukaone. Muyambe mwawerenga masiku. Kubadwira ku Britain pakokha sikupatsa mwana unzika ngati makolo ali pa viza. Koma wobadwira kuno akakhala zaka 10 zoyamba osatuluka masiku opitirira 90 pa chaka chilichonse, ali ndi ufulu wolembetsa unzika. Chaka chimodzi cha kwa agogo chikhoza kumuphonyetsa mwayi umenewu.

Chimene ambiri sachiona kubwera ndi cha ntchito. Apolisi akakuitanani kuti akufunseni, pemphani loya wa pa siteshoni, ndi waulere. Akakuuzani kuti mungolandira caution (chenjezo lolembedwa la apolisi) nkhani ithe, musavomere msanga. Kulandira caution ndi kuvomera mlandu, ikhoza kutuluka pa DBS yanu (pepala loonetsa mbiri ya milandu ya munthu), ndipo ntchito yosamalira okalamba imadalira pepala limenelo. A Home Office, unduna woona za maviza, nawonso amafunsa za izi mukamawonjezera viza.

Tsiku limene akubwera

Social worker payekha alibe mphamvu yotenga mwana. Pamafunika chigamulo cha khoti, kapena inu mwini kuvomera pansi pa gawo 20 la Children Act ya 1989, kapena apolisi, amene angamusunge maola osapitirira 72. Pepala la gawo 20 musasaine musanalankhule ndi loya. Social worker-yo mufunseni kuti wabwera pansi pa gawo liti la lamulo lomweli: 17 ndi kuona thandizo limene banja likusowa, 47 ndi kufufuza ngati mwana ali pangozi yaikulu. Mutsegulireni chitseko, mumulole acheze ndi mwana payekha. Mnyamatayo musamukalipire kuti wakuchititsani manyazi, ndipo musamuphunzitse zonena, pakuti ana amaulula zimenezo m'mphindi zisanu. Ngati Chingerezi chimakuthawani mukakhala ndi mantha, pemphani womasulira. Lembani dzina la social worker-yo, tsiku ndi zimene mwagwirizana. Muuzeni chimene mudzachite m'malo mwa lamba, monga kulanda foni masiku awiri kapena kumuletsa mpira wa Loweruka, ndipo akakupatsani maphunziro a makolo, pitani. Imbirani a Family Rights Group, bungwe lolangiza mabanja pa nkhani zotere, uphungu wawo ndi waulere. Khonsolo ikakulemberani kalata yochenjeza kuti ikuganiza zopita kukhoti, loya mudzamupeza mwaulere posatengera malipiro anu, ngakhale viza yanu ili yoletsa thandizo la boma.