Ku Britain asintha bwanji mtsogoleri popanda chisankho? Yankho kwa achimwene a ku Chibavi

Achimwene, mwafunsa kuti zidatheka bwanji dziko la Britain kukhala ndi nduna zazikulu zitatu m'chaka chimodzi cha 2022 anthu osapita kukavota, komanso kuti pakati pa mfumu, nduna yaikulu ndi Nyumba ya Malamulo wamphamvu ndani. Ena mugulu muno akuyankhani kuti ndi mfumu. Ayi ndithu. Mfumu imasainira bilu iliyonse imene aphungu avomereza, ndipo ulendo womaliza kukana kusaina udali mu 1708. Mphamvu zili ndi munthu amene aphungu ochuluka akumumvera lero, ndipo akasiya kumumvera mawa, mpando wapita.

Kusiyana ndi kwathu kumayambira pa pepala lovotera. Ife timapatsidwa la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Kumeneko pa chisankho chachikulu munthu amachonga dzina la phungu wa dera lake basi. Mipando ilipo 650, ndiye chipani chimene chapeza 326 kapena kuposa chimapanga boma. Mfumu imaitana mtsogoleri wa chipanicho n'kumupempha kuti akhale nduna yaikulu, iye n'kusankha nduna zake mwa anthu a m'Nyumba ya Malamulo momwemo. Palibe nduna yochokera kunja kwa nyumbayo monga zimachitikira kuno. Lachitatu lililonse nyumba ikamakumana, nduna yaikulu imaimirira kwa theka la ola kuyankha mafunso, mtsogoleri wa otsutsa ali pamaso pake, pakati pali tebulo lokha.

Boma lotere limakhalapo pokhapokha aphungu ochuluka akulikhulupirira. Otsutsa akhoza kubweretsa voti yonena kuti nyumbayo yataya chikhulupiriro mwa boma, ndipo ikadutsa, ngakhale ndi voti imodzi, boma limatula pansi udindo kapena kuitanitsa chisankho. Zidamuchitikira nduna yaikulu James Callaghan mu 1979, mavoti 311 kwa 310. Bajeti ikakanidwa nazonso n'chimodzimodzi, chifukwa boma lopanda chilolezo chotolera misonkho silingayende.

Pamenepa ambiri amafulumira kunena kuti ndiye kuti Nyumba ya Malamulo ndi imene imalamula. Papepala n'zoona, koma tsiku ndi tsiku zimatembenuka. Nduna yaikulu ndi mtsogolerinso wa chipani chimene chili ndi aphungu ambiri. Boma ndi limene limakonza zoti zikambidwe masiku ochuluka, mabilu ambiri amene amadutsa ndi a boma, ndipo maunduna onse ali m'manja mwa munthu mmodziyo. Ndiye pali osungitsa mwambo a chipani, amene amawatcha ma whip. Sabata iliyonse phungu amalandira kalata ya zimene zidzavoteredwe, ndipo nkhani ikadulidwa mizere itatu kunsi kwake, ndiye kuti abwere zivute zitani ndipo avote monga chipani chanenera. Kuvotako si kwachinsinsi: belu likalira aphungu amadzuka n'kudutsa m'makonde awiri, la ovomera ndi la okana, mayina akulembedwa. Wogalukira akhoza kuchotsedwa m'gulu la aphungu a chipani, osadzaloledwanso kuimira chipanicho. N'chifukwa chake nduna yaikulu yokhala ndi aphungu ochuluka omvera imatha kudutsitsa malamulo mosavuta kuposa pulezidenti wa kuno. Ngakhale nyumba yachiwiri, ya anthu osachita kuvoteredwa, yotchedwa House of Lords, singaitsekereze: malamulo a 1911 ndi 1949 amangoilola kuchedwetsa bilu ya ndalama mwezi umodzi, mabilu ena ambiri pafupifupi chaka.

Koma paja akuluakulu adati nkhondo ndi anansi. Amene amagwetsa nduna yaikulu kawirikawiri ndi a m'chipani mwake. Margaret Thatcher adapambana zisankho zitatu, koma mu 1990 adachoka aphungu ake atamutembenukira. Boris Johnson adagwa mu July 2022 nduna ndi othandizira awo oposa 50 atatula pansi maudindo m'masiku awiri. Chipani cha Conservative chidasankha Liz Truss, amene adakhala masiku 49 okha, kenako Rishi Sunak. Chisankho sichidafunike chifukwa chipanicho chidali chikadali ndi mipando yake yonse; chidangosintha woyenda patsogolo. Ku South Africa, komwe aphungu 400 ndi amene amasankha pulezidenti, ANC idachita zomwezo kwa Thabo Mbeki mu 2008 ndi Jacob Zuma mu 2018.

Ifenso tidayendapo njira imeneyi, ndipo ndimadandaula kuti achinyamata ambiri sauzidwa. Pa 6 July 1964 Dr Banda adali nduna yaikulu, Mfumukazi Elizabeth II ndiye mutu wa dziko, akuimiridwa ndi Sir Glyn Jones ku Zomba. Pasanathe miyezi iwiri nduna zidayamba kutsutsana naye pa za tiki imene odwala ankalipira kuchipatala, kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ndi ubale wake ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Pa 7 September Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200 ija, adachotsedwa. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi okha, Henry Chipembere n'kutsatira. Pa 8 September Banda adapita nayo nkhaniyo ku Nyumba ya Malamulo kukapempha voti yomukhulupirira, ndipo adaipeza. Pafupifupi nduna zonse zidamuukira, koma aphungu wamba ndi chipani adali nacho iye. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, iye pulezidenti. Muone kusiyana ndi Johnson: malamulo ofanana, koma Johnson aphungu adamusiya, Banda adamugwiritsa.

Malamulo athu a 1994 adasankha njira ina. Pulezidenti timamusankha tokha, ndipo aphungu sangamuchotse chifukwa chongotopa naye. Pamafunika mlandu wophwanya malamulo ndi mavoti a aphungu awiri mwa atatu alionse. Ubwino wake boma siligwagwa. Vuto lake tidaliona Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF mu 2005: adalamula ndi aphungu ochepa, bajeti ya 2007 ndi ya 2008 n'kuchedwa chifukwa cha mkangano wa gawo 65, lokhudza aphungu osintha chipani, koma mpando sudagwedezeke. Ku Britain boma lotero likadatha kugwetsedwa tsiku lililonse.

Njira ya aphungu nayo ili ndi matenda ake. Popanda chipani chopeza theka la mipando, boma limadalira mgwirizano, ndipo migwirizano imasweka. Lesotho itavota mu 2012, idavotanso mu 2015 ndi 2017 pa chifukwa chimenechi. Germany idapeza mankhwala: simungachotse mtsogoleri pokhapokha voti yomweyo itasankha womulowa m'malo, monga Helmut Kohl adalowera m'malo mwa Helmut Schmidt mu 1982. Vuto lina ndi kawerengedwe ka mipando. Mu 2024 chipani cha Labour chidatenga mipando yoposa 400 ndi mavoti pafupifupi 34 mwa 100 alionse, zimene ife ozolowera 50+1 tingadabwe nazo.

Kwa ife a kuno kumpoto pali masamu oyenera kuwalingalira. Pa chisankho cha 1994 mipando idali 177: UDF 85, MCP 56, AFORD 36, kuphatikizapo yonse 33 ya chigawo chino. Kuti chipani chilamule m'njira ya ku Britain pakadafunika 89. UDF ikadaperewera ndi inayi, pomwe MCP ndi AFORD pamodzi akadakhala ndi 92. Ndiye kuti wosankha mtsogoleri wa dziko akadakhala Chakufwa Chihana ndi aphungu ake, ndipo tsiku lililonse akadatha kuligwetsa bomalo pongochoka. M'njira yathuyi Bakili Muluzi adalumbira ndi mavoti ake 47 mwa 100 alionse, 50+1 isanabwere, ndipo Chihana adadzalowa m'boma pambuyo pake ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. Atachoka mu 1996, boma lidapitirira.