Zoti ku California ukaba zosafika madola 950 sumangidwa, n'zoona?

Achimwene ena anditumizira imelo ataona kavidiyo pa WhatsApp ka anyamata ambirimbiri obisa nkhope akulowa mu shopu yaikulu ku California, m'dziko la America, kuphwanya magalasi, kukokolola zikwama ndi zovala n'kuthawira m'magalimoto. Akufunsa ngati n'zoona kuti kumeneko lamulo limalola kuba bola katunduyo asapose madola 950, komanso ngati amene anangoyendetsa galimoto osalowa mkati naye ali ndi mlandu.

Achimwene, zoti amaloleza kubazo ndi bodza ndithu, koma bodzalo lili ndi pomwe linachokera. Mu 2014 anthu a ku California anavotera lamulo lotchedwa Proposition 47, lomwe linati munthu akaba mu shopu nthawi yomwe ili yotsegula ndipo katunduyo sakupitirira madola 950, umenewo ukhale mlandu waung'ono, chilango chake osaposa miyezi 6 kundende. Cholinga chinali kuchepetsa kuthithikana m'ndende. Ndiye mlandu ulipobe, kungoti unachepa mphamvu, ndipo eni mashopu ambiri anayamba kudandaula kuti mbava zikuwerengetsera dala mitengo kuti zisadumphe malirewo.

Koma zomwe munaona mu vidiyo zija ndi nkhani inanso, za 950 sizikulowapo n'komwe. Lamulo limasiyanitsa kuba mwakachetechete ndi kulanda moopseza. Ukangokankha mlonda, kapena kuopseza mtsikana wa pa till kuti asayandikire, wachoka pa kuba wamba walowa pa uchifwamba, ndipo pamenepo khoti silifunsanso kuti katunduyo ndi wa ndalama zingati, ku California ndi zaka 2 mpaka 5 ngakhale utatenga malaya amodzi okha. Taganizani za usiku wa pa 20 November 2021 mumzinda wa Walnut Creek ku California komweko, pomwe anthu pafupifupi 80 anakhamukira mu shopu ya Nordstrom, magalimoto atatseka msewu panja, ena atanyamula zitsulo zothyolera zitseko. Ogwira ntchito awiri anamenyedwa, wina anamupopera mankhwala oyabwa m'maso. Ine pamenepa mpomwe mtima umandipweteka, chifukwa anthu amaonera mavidiyowa n'kumati aaa kampaniyo ndi yolemera singalire, kuiwala kuti amene wagwa pansi pakati pa mashelefu ndi munthu wolandira malipiro ochepa amene mawa akuyenera kudzukanso kukaima pakhomo lomwelo miyendo ikunjenjemera. Usiku umenewo apolisi anagwirapo atatu okha.

Za woyendetsa galimoto uja, eya, ali ndi mlandu. Mfundo iyi ndi yakale kwambiri: wothandizira upandu akudziwa chomwe chikuchitika amaweruzidwa ngati wochita yemweyo, kaya anali pa chiwongolero, kaya ankayang'ana ngati apolisi akubwera. Kupangana kokhako kuti tikabe, wina n'kuyambapo kukonzekera, ndi mlandu kale pawokha.

Vuto lomwe linalipo ndi la mabwana osaoneka. Magulu ambiri obera mashopu sakhala anyamata ongotengeka ayi, pamakhala wina amene amapereka mndandanda wa zofunika, monga mafuta onunkhira, malezala, sopo wochapira, mankhwala a m'mashelefu, zinthu zing'onozing'ono zosavuta kugulitsa, kenako amawalipira kachepe anyamatawo iye n'kukagulitsa katunduyo pa intaneti ngati watsopano. Iyeyo mu shopu sapondamo, kamera simujambula. N'chifukwa chake mu 2018 California inaika gawo 490.4 m'malamulo ake a milandu, lomwe limagwira aliyense wobera limodzi ndi mnzake n'cholinga chokagulitsa, wolandira katunduyo, komanso wolemba anthu ntchitoyi, kuwatsogolera kapena kuwapatsa ndalama zoyendera. Mu August 2024 bwanamkubwa Gavin Newsom anasainanso malamulo 10 a nkhani yomweyi, ndipo limodzi mwa iwo linalimbitsa zoti woimira boma pamilandu aphatikize mtengo wa katundu yemwe munthu waba m'mashopu osiyanasiyana masiku osiyanasiyana, moti masamu aja oti lero 900 uku, mawa 900 uko, sakupulumutsanso munthu.

Kenako mu November chaka chomwecho ovota anavomereza Proposition 36 ndi mavoti ochuluka kwabasi, pafupifupi 68 pa 100 alionse. Pano munthu amene anapezekapo wolakwa kawiri pa milandu yakuba, akabanso ngakhale kanthu kotchipa atha kuimbidwa mlandu waukulu mpaka zaka 3, ndipo akakhala anthu atatu kapena kuposa pochita upanduwo woweruza atha kuwonjezera zaka zina pamwamba.

Ine maganizo anga ndi oti kuwonjezera zaka kuli ndi malo ake, makamaka pomwe anthu avulazidwa, koma pakokha sikungathetse izi. Mnyamata mmodzi akamangidwa bwana uja amapeza wina tsiku lomwelo. Komanso aphungu asamapange malamulo chifukwa cha mantha a pa vidiyo: mu December 2023 bungwe la eni mashopu ku America, National Retail Federation, linabweza lokha zomwe linalemba zoti pafupifupi theka la katundu wosowa m'mashopu amabedwa ndi magulu otere, litaona kuti chiwerengerocho chinalibe maziko. Katundu wina amasowa chifukwa cha ogwira ntchito omwe, wina chifukwa cha kulakwitsa polemba sitoko.

Lamulo lomwe ine ndimaliwona kuti linaponda pa mutu wa njoka ndi la dziko lonse la America lotchedwa INFORM Consumers Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2023. Limakakamiza misika ya pa intaneti monga Amazon ndi eBay kutenga ndi kutsimikizira chiphaso, akaunti ya kubanki ndi nambala ya msonkho ya aliyense amene wagulitsa ka 200 kapena kuposa n'kupeza madola osachepera 5,000 m'miyezi 12. Wochenjera atha kuyesa kugawa malonda ake m'maakaunti angapo kuti asafike pamenepo, n'zoona, komabe yense wogulitsa mulu wa katundu tsopano ali ndi dzina ndi akaunti zomwe ofufuza angazitsate mpaka pakhomo pake.