Kodi Flames yakale inalidi yoopsa, kapena akuluakulu amangokometsa nkhani?

Mnyamata wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti bambo ake saonera n'komwe Flames masiku ano, amangonena kuti mpira unatha ndi a Kinnah Phiri. Iye akudabwa, chifukwa timu imene inafika mu ndime ya matimu 16 ku AFCON, mpikisano wa chikho cha Africa, ndi ya Gabadinho Mhango, pamene ya bambo akewo sinapambaneko ngakhale masewero amodzi ku mpikisanowu. Funso lake ndi lakuti: ndani akunena zoona?

Achimwene, bambo anuwo muwapatse ulemu wawo, akunena zoona. Mbali yanu nayo ili ndi mfundo, ndifikako.

Tiyambe ndi kumene tinachokera. Mu 1962, dzikoli likadali Nyasaland, Ghana inatithira zigoli 12 kwa duu. Bungwe loyendetsa mpira la FAM linakhazikitsidwa mu 1966. Ndiye pamene mukumva kuti mu 1978 Malawi inatenga chikho cha CECAFA, cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, dziwani kuti panali patangodutsa zaka 16 chichitikireni manyazi aja. Mpikisanowo unachitikira kuno kwathu, mphunzitsi anali Mngelezi Ted Powell, ndipo mu fainolo tinagonjetsa Zambia 3-2. Zambia imeneyo sinali yamasewera. Inali itafika mu fainolo ya AFCON mu 1974, ndipo inali nthawi ya Godfrey Chitalu. Anthu ena akanatha kunena kuti tinathandizidwa ndi bwalo lathu komanso ochemerera athu, koma chaka chotsatira, mu 1979, anyamatawo anapita ku Kenya n'kukagonjetsa eni bwalo 3-2 mu fainolo, chikho n'kubwerera nacho.

Pa za a Kinnah, manambala amalankhula okha: zigoli 71 m'masewero 117 a timu ya dziko. Mpaka lero palibe Mmalawi amene wayandikirako. Koma bambo anu mukawafunsa bwino akutchulirani ena ambiri, monga goloboyi Boniface Maganga, Jack Chamangwana amene ankamutcha kuti "Africa" ndipo anakasewera ku Kaizer Chiefs, Young Chimodzi amene anavala yunifolomu ya dziko ka 159, Barnet Gondwe, Harry Waya ndi Lawrence Waya. Chimene achinyamata ambiri sadziwa n'chakuti pamene Flames inkapita ku AFCON koyamba mu 1984, a Kinnah anali atachoka kale mu timuyo, ali ku Swaziland. Timuyo inataya womwetsa zigoli wake wamkulu koma sinagwe.

Tsopano mfundo yanu ija, yakuti mu 1984 sitinapambaneko. N'zoona. Ku Bouaké, m'dziko la Ivory Coast, Algeria inatichinya 3-0, tinalepherana ndi Nigeria 2-2 (zigoli zathu anagoletsa Harry Waya ndi Clifton Msiya), kenako Ghana inatigonjetsa 1-0. Koma werengani matimu amene analipo: anali 8 okha mu Africa yense. Mu 2010 anali 16, ndipo ku Cameroon mu 2022 anali 24. Kungopezeka pakati pa matimu 8 amenewo kunali kofanana ndi kufika mu kotafainolo ya masiku ano, malo amene Flames sinawapondepo chiyambire. Nigeria imene tinalepherana nayo ija inakafika mu fainolo chaka chomwecho.

Ndipo sizinathere pamenepo. Mu 1987, pa All Africa Games ku Nairobi, Malawi inatenga mendulo ya bronze itagonjetsa Cameroon 3-1, dziko limene linatenga AFCON mu 1984 ndi mu 1988. Mu 1988 CECAFA inabweranso kuno, Zambia inagwanso mu fainolo, 3-1. Kuyambira 1978 mpaka 1988, zikho zitatu, mendulo imodzi, ndi ulendo wa ku AFCON. Osewera ankasintha, aphunzitsi ankasintha, koma timu imakhalabe yoopedwa. Mibadwo yotsatira sinakwanitse kukhala pamwamba zaka khumi chonchi.

N'chifukwa chiyani zinkatheka? Maganizo anga ndi akuti nthawi imeneyo pafupifupi osewera onse anali kuno. Bata Bullets, Wanderers, Admarc Tigers, Silver Strikers: makampani ndi mabungwe ankaika ndalama m'matimu, ndipo osewera ambiri ankapatsidwanso ntchito. Mphunzitsi ankatha kuwasonkhanitsa kwa nthawi yaitali, anthu n'kudziwana kasewerede. Lero mphunzitsi amalandira osewera ake kutatsala masiku ochepa, wina kuchokera ku South Africa, wina ku Mozambique, wina ku Tanzania. Palinso chifukwa china chimene inu achinyamata mumakayikira nkhanizi. Wailesi ya kanema inayamba mu 1999 m'dziko muno. Zigoli za a Kinnah anthu ambiri anazimva pa MBC basi, pamene cha Gabadinho (Gaba) chili m'foni ya aliyense.

Pakati pa 1988 ndi 2008 panali chilala. Kunali osewera apamwamba, a Ernest Mtawali, a John Maduka, kenako Esau Kanyenda amene anakasewera ku Russia, koma mu COSAFA, chikho cha maiko a kum'mwera kwa Africa, chimene tinakolola ndi mafainolo awiri, mu 2002 ndi 2003, ndipo onse tinaluza, kwa South Africa ndi kwa Zimbabwe.

Timu ya 2008 mpaka 2010 ndiyo imandiwawa kwambiri. A Kinnah omwewo anabwera ngati mphunzitsi. Djibouti inachapidwa 8-1, Egypt, imene inali ndi chikho cha Africa, inagwa 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya kumapeto kwenikweni, ndipo Ivory Coast inachita kulowetsa Didier Drogba kuti ibweze chigoli cha Jacob Ngwira. Ku AFCON ya ku Angola, pa 11 January 2010, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anabwezera Algeria 3-0 yake ya mu 1984 ija. Algeria imeneyo inali ikupita ku World Cup. Titagonja 2-0 kwa Angola, tinakumana ndi Mali, ndipo mphindi zisanu zisanakwane tinali titamwa kale zigoli ziwiri, cha Frédéric Kanouté ndi cha Seydou Keita. Zinatha 3-1, tinabwerako. Peter Mponda ndi anzake anali ndi luso lopitirira, koma AFCON ya 2012 anaiphonya, timu n'kuyamba kumwazikana.

Za ku Cameroon mukuzidziwa. Richard Mbulu anatitengera kumeneko ndi chigoli chake pa Uganda mu March 2021, a Meck Mwase ali mphunzitsi. Mu January 2022 tinagonja 1-0 kwa Guinea, Mhango anachinya Zimbabwe kawiri, ndipo tinalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, imene inatenga chikhocho. Penate imene oyimbira anatipatsa tsiku limenelo inakanidwa atakaonanso pa kanema wa VAR, ndipo mpaka pano ine sindinaimvetse. Chigoli cha Gaba pa Morocco mu ndime ya matimu 16, chochokera kutali kuja, n'chokongola kuposa china chilichonse chimene Mmalawi anagoletsapo ku AFCON, ndipo goloboyi Charles Thomu anatchinga mipira yambiri usiku umenewo Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi asanatembenuze zinthu. Apa m'badwo wanu muli ndi chonyadira, musalole munthu akulandeni. Kumbukirani kokha kuti tinadutsa tili pa nambala yachitatu m'gulu lathu, mwayi umene kunalibe mu 1984 ngakhale mu 2010, ndipo AFCON yotsatira ku Ivory Coast tinaionera pa TV.

Ngati mukufuna chikho chaposachedwa choti mukawaonetse bambo anu, chilipo, koma si cha Flames. Mu 2023 a Scorchers, timu yathu ya amayi, anatenga COSAFA atagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo, Temwa Chawinga ali patsogolo. Timu ya amuna chikho chimenecho sinachigwirepo chiyambireni mpikisanowu mu 1997.