Kaiser timutche chiyani m'Chichewa?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale. Tikafika pa Kaiser Wilhelm II wa ku Germany, ana amafunsa ngati Kaiser ndi mfumu basi. Ndiziwayankha bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo akufunsa zanzeru. Kungoti "mfumu" sikulakwa, koma kumabisa nkhani yaikulu. Pamene Wilhelm I ankalengezedwa kukhala Kaiser ku Versailles pa 18 January 1871, anali kale mfumu ya Prussia kuyambira 1861, ndipo ufumu umenewo sanausiye. M'dziko lomwelo la Germany munalinso mafumu a Bavaria, Saxony ndi Württemberg. Mukawatcha onsewo "mfumu", mwana adziwa bwanji kuti wina anali pamwamba pa anzake?

Ena amalemba "mfumu ya mafumu". Ine mawuwa sindiwakonda pa munthu, chifukwa makutu athu anawazolowera m'tchalitchi. Kalonga kapena Inkosi ya Makhosi ndiye musayerekeze n'komwe, maudindo amenewo ali ndi eni ake. Chosangalatsa n'chakuti dzina loyenera tili nalo kale: Kaisara, uja timamumva m'Baibulo. Kaiser ndi Kaisara onse anachokera ku dzina la Caesar wa ku Roma. Choncho nenani "Kaisara Wilhelm II", ndipo pomutchula koyamba muonjezere kuti anali mfumu yaikulu ya Germany yense.

Funso: Ponena za banja la Wilhelm, kodi ndingalembe kuti "mbumba ya Hohenzollern"?

Yankho: Ndingakondwe mutapewa. N'zoona kuti ena amati mbumba ponena za zidzukulu zonse za munthu, koma kumudzi mbumba ndi alongo ake a mwamuna pamodzi ndi ana awo, anthu amene iye amawayang'anira. Mchewa akamva mawuwa amaganiza za kuchikazi, kumene ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wa mfumu. Ku Germany ufumu unkatsata kuchimuna. Taonani chaka cha 1888: Wilhelm I atamwalira analowa mwana wake Friedrich III, amene analamulira masiku 99 okha, kenako mdzukulu, Wilhelm II. Agogo, bambo, mwana, malume osaonekapo.

Nkhani ya Hanover, ufumu wina wa ku Germany, imaonetsa bwino kusiyanaku. William IV anali mfumu ya Britain ndi Hanover yomwe. Atamwalira mu 1837, Victoria, mwana wa mng'ono wake, analowa ufumu wa Britain, koma lamulo la Hanover silinkalola mkazi kulowa pamene mwamuna wa banjalo alipo, motero ufumu wa kumeneko unapita kwa Ernst August. Apa omasulira ambiri amapunthwa n'kulemba kuti anali "amalume a Victoria". Ayi ndithu! Ernst August anali mng'ono wa bambo ake a Victoria, ndiye kuti bambo ake aang'ono. Mukalemba "amalume" mwasandutsa nkhani yonse kukhala yakuchikazi, pamene chimene chinamutsekereza Victoria ndi lamulo lakuchimuna.

Lembani "banja lachifumu la Hohenzollern", monganso "banja lachifumu la Wittelsbach", lija linalamulira Bavaria kuyambira 1180 mpaka 1918.

Funso: Wilhelm II "anatula pansi ufumu" kapena "anachotsedwa pa ufumu"?

Yankho: Zonse ziwiri, malinga ndi tsiku limene mukunena. Kutula pansi kumamveka ngati munthu wachita yekha, monga wotula mtolo wa nkhuni. Pa 9 November 1918, Max von Baden, mkulu wa boma, analengeza ku Berlin kuti Kaisara wachoka mwini wake asanavomere. Pamenepo "anachotsedwa" ndiye mawu oona. Tsiku lotsatira Wilhelm anathawira ku Netherlands, ndipo pa 28 November anasainira chikalata chosiya ufumu wa Germany ndi wa Prussia. Tsiku limenelo mungathe kulemba kuti anatula pansi, ngakhale anatula ufumu umene unali utamuchoka kale m'manja.